Bondo Lokana Kupindika

Ndinasewera mpira wamanja zaka khumi ndi zitatu, kuyambira ndili kupulayimale ku Mtendere mpaka tsiku limene mtsempha wa m'bondo langa lakumanja unaduka pabwalo la simenti ku Matero. Ndinkasewera pakati, malo amene munthu amathamanga bwalo lonse, kuima mwadzidzidzi, kupotoloka, n'kuthamanganso. Mkati mwa sabata ndinkaluka tsitsi pamsika, Loweruka ndinkasewera. Kunyumba tinalipo awiri, ine ndi asisi anga aakulu, m'zipinda ziwiri zimene anatisiyira bambo athu. Makolo a bambo anachokera ku Dedza kudzafuna ntchito kuno, ndipo m'nyumba mwathu timalankhulabe Chichewa chawo, ngakhale tikatuluka panja timalankhula ngati wina aliyense wa mu komboni.

Ngoziyo sinabwere mobisa. Bondo linayamba kutupa kudakali miyezi iwiri. Ndikamaliza kusewera linkadzaza madzi, ndipo potsika minibasi ndinkamva ngati muli kamwala mkati. Ndinawauza kochi wathu. Anali bambo wa ku Migodi, wamtali, wa mawu aakulu, amene anasewerapo mpira wamiyendo ali mnyamata. Timu anaiyambitsa okha, ndipo ambiri a ife anatitenga tili ana. Tinkawaopa, koma tinkawanyadiranso.

"Ba kochi, bondo likundivuta. Likumatupa."

"Ululu uli mu mutu chabe," anatero osaliyang'ana n'komwe. "Ukauganizira umakula. Imwa utu."

M'chikwama mwawo, pamodzi ndi wezulo ndi mayunifomu, munkakhala kajumbo ka timapilitsi tachikasu. Ankati ndi maswiti. Tiwiri masewera asanayambe, kaya wadya kaya sunadye. Tonse tinkamwa. Timapilitsito tinkagwiradi ntchito, chifukwa kwa ola lathunthu bondo linkakhala chete, ine n'kumalumpha pa simenti ngati palibe kanthu. Ndinachita zimenezi Loweruka lililonse kwa miyezi iwiri ija.

Tsiku lake kunatentha kwambiri, unali mwezi wa Okutobala. Titabwerako kopuma, mnzanga anandiponyera mpira wam'mwamba. Ndinalumpha, ndinaugwira, ndipo potera phazi linalowa mumng'alu wa simenti. Thupi linatembenuka, phazi linatsala pomwepo. Ndinamva ndi makutu anga kanthu kakuduka mkati. Ndili pansi, mawu oyamba kundifika anali a kochi.

"Ima iwe! Uliponde, lizamasuka."

Ndinaimadi. Mpaka lero ndimadzida ndikakumbukira kuti ndinaima. Nditangoponda, bondo linakhotera m'mbali ndipo ndinagwanso. Amene anandigwira mutu kuti usamenye simenti anali mtsikana wa timu inayo. Kochi analowetsa wina m'malo mwanga, wezulo inalira, masewera anapitirira. Anzanga awiri amene sankasewera tsiku limenelo ndiwo anandinyamula mpaka pamsewu. Kuchipatala kochi sanabwere, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Opaleshoni ndinaidikira miyezi inayi. Inachitika mu Febuluwale, mvula ili mkati. Anatenga mtsempha kuseri kwa ntchafu yanga n'kuuika m'malo mwa woduka uja. Dokotala amene anandichita opaleshoniyo ndilibe naye mlandu, manja ake anagwira bwino. Chimene chimandikwiyitsa ndi mmene ananditulutsira. Tsiku lachitatu nesi anandipatsa mapilitsi, ndodo ziwiri zoyendera, ndi pepala limodzi lofufuma, lojambulidwa munthu atagona chagada akukweza mwendo. Malemba ake anali achingerezi, ang'onoang'ono, ena osaonekanso.

"Muzichita ivi. Mukabwere pakapita masabata sikisi."

Palibe amene anandiuza kuti zidzapweteka motani, kapena kuti zikapweteka nditani.

Amene analemba pepala limenelo sanaonepo pamene tinkakhala. Chimbudzi chathu ndi chokumba, chili kuseri, ndipo timagwiritsa ntchito mabanja anayi. Munthu wosatha kupinda bondo anjuta bwanji? Asisi anatenga mpando wapulasitiki n'kuuboola pakati ndi mpeni wotentha, ndipo m'mawa uliwonse ankaunyamula kutsogolo, ine pambuyo ndi ndodo zomira m'matope, ana a aneba akuonerera. Pepalalo linkati ndiziika ayisi pabondo maola awiri aliwonse. Magetsi ankazima tsiku lonse, ndipo ngakhale akanayaka, firiji tinalibe. Asisi amagwira ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga, kumene kuli magetsi a dzuwa. Anapempha kwa adona awo, n'kumabwera ndi ayisi mufulasiki ya tiyi. Pofika ku Mtendere wapansi, theka anali atasungunuka.

Ululu wake sindinaumvepo chibadwire. Unali ngati wina wathira phala lamoto m'bondomo n'kusoka. Ine njira zothana ndi ululu ndinkadziwa imodzi yokha, imene ndinaphunzira pabwalo. Tsiku lachisanu ndinamwa mapilitsi anayi nthawi imodzi, ndinakhala m'mphepete mwa bedi, n'kukankha mwendo wodwalawo ndi unzake mpaka m'maso munada. Mawa lake bondo linali ngati dzungu, lotentha, ndipo kwa masiku atatu ngakhale nsalu ikalikhudza ndinkalira. Kuchokera pamenepo ndinasiyiratu. Ndinaika pilo pansi pa bondo, pamene linkamva bwino, ndipo ndinagona choncho masabata asanu. Mapilitsi ndinkamwa nthawi iliyonse imene ndafuna, nthawi zambiri m'mimba muli zii, mpaka pamtima panayamba kuwotcha ndipo chakudya chinkabwerera.

Amene anaona zakuda ndi asisi. Ankadzuka kusanache, kunditengera madzi, kundiperekeza kuseri, kupita kukakolopa nyumba ya eni, n'kubwera kudzapeza ine nditatupa nkhope. Tsiku lina anangoti, "Bwanji uyeseko pang'ono zija za papepala?" Ndinawagenda ndi kapu. Anaitola, anaitsuka.

Azimayi a kumpingo anabweranso kudzandiona. Anaimba, anapemphera, ndipo pochoka mmodzi wa iwo, mayi wamkulu ndithu, anandigwira dzanja n'kunena mofatsa kuti mwina Mulungu akundiphunzitsa kudzichepetsa, poti timasiketi tija tinkavala pabwalo si ta mwana wa mpingo. Ndinachotsa dzanja langa. Ndikanakhala ndi miyendo iwiri ndikanawatsegulira chitseko ndekha.

Masabata asanu ndi limodzi atakwana ndinabwerera kuchipatala. Ndinapeza dokotala wina, wachinyamata, ali ndi ophunzira atatu. Anagwira mwendo, anayesa kuupinda, unakana. Anayesa kuuwongola, unakananso. Anatembenukira kwa ophunzira aja n'kuyamba kuwafotokozera m'Chingerezi za odwala osamvera, ngati kuti ine ndi gome. Kenako anati kwa ine, "Mwaononga nchito yathu, mayi. Ulesi." Analemba kakalata koti ndizipita kwa fiziyo, amene amaphunzitsa ziwalo kugwiranso ntchito. Zaka khumi ndi zitatu ndikuthamanga padzuwa, lero munthu wosandidziwa anditchule waulesi. Ndinatenga kakalatako n'kutuluka.

Chipinda cha fiziyo chinali kuseri kwa kiliniki ina yapafupi ndi kwathu, chaching'ono, muli bedi lokwera, njinga yosayenda, ndi malamba a mphira atapachikidwa pamsomali. Ndinapezamo mayi wazaka za m'ma fifite, wamfupi, wometa tsitsi la imvi. Anali wa ku Kasama, ndipo Chinyanja chake chinkamveka Chibemba. Ndinalowa nditakonzeka kukangana. Ndinkadziwa kuti agwira mwendo n'kuupinda mwamphamvu, chifukwa odwala anzanga pabenchi anali atandiopseza kale.

Sanaugwire. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nane.

"Niuzeni, ululu wanu uli bwanji?"

"Ukupweteka."

"Ukupweteka bwanji? Ukulasa, ukukoka, ukuwotcha, kapena ukugunda?"

"Ululu ndi ululu, mayi. Inu munachitidwapo opaleshoni?"

"Iyayi, sininachitidwepo," anatero. "Ndiye chifukwa chake nikufunsa imwe. Bondo ni lanu."

Zoona zake n'zakuti funsolo sindinkalidziwa yankho lake. Palibe anandifunsapo. Anandiuza kuti nditseke maso, ndikoke chidendene pang'onopang'ono pabedipo, ndipo ndinene chimene ndikumva ndi pamene ndikuchimva. Ndinakoka pang'ono. Kutsogolo kwa bondo kunkakoka ngati chingwe chothina. Kuseri kwa ntchafu, kumene anachotsa mtsempha, kunkawotcha. Nditapitirira, mkatikati munalasa ngati singano.

"Imani pamenepo. Bwererani pang'ono. Manje?"

"Kwatsala kukoka kokha."

"Kukoka uko ndiye nchito yathu. Kulasa kuja sitikufuna. Mukamva kulasa, mwapitirira."

Anandiphunzitsanso kuupatsa ululu nambala, kuyambira ziro mpaka teni. Ndinaseka mwachipongwe, ndinati ine si mwana wa sukulu. Anangodikira. Kenako anati pochita masewera olimbitsa mwendowo ndizikhala pa fili kapena folo, ndipo ukafika sikisi ndizisiya. Chachikulu, ululuwo uzikhala utatsika pofika mawa lake m'mawa. Anadula kachingwe, anakazunguliza pabondo n'kumanga mfundo. M'mawa uliwonse ndizikazunguliza pomwepo. Kakakana kukumana, ndiye kuti dzulo ndinawonjeza, lero ndichepetse, koma ndisasiye.

Za pilo uja atamva anapukusa mutu. Anati pilo pansi pa bondo ndiye analiumitsa chopindika, ndipo kuyambira tsiku limenelo azikhala pansi pa chidendene. Za mapilitsi anandifunsa kuti ndimamwa angati, nthawi yanji, nditadya chiyani. Nditamuuza sanandikalipire. Ananditengera yekha kwa kiliniko, wolemba mankhwala wa chipinda choyandikana, amene anandisiyitsa mtundu wowotcha m'mimba uja n'kundipatsa wina, woti ndizimwa pa nthawi yake nditadya. Mayi uja anawonjezera kuti ndizikonza masewera anga patapita kanthawi nditamwa, kuti mankhwala azindithandiza kusuntha mwendo, osati kundigonetsa. Anandichenjezanso kuti katumba akadzatupa n'kutentha, kapena thupi likadzatentha, ndisadzadikire tsiku lokumana naye, ndidzathamangire kuchipatala.

Ndinamuuza kuti za ayisi asandiuze n'komwe, kwathu malaiti kulibe.

"Na kwathu ku Kalingalinga kulibe," anatero. "Muli na ndowa? Muli na chitenje?"

Madzi ogona m'ndowa pa simenti amazizira mokwanira. Ndinkaviika chitenje, kukulunga bondo, kugona pansi n'kutsamiritsa mwendo kukhoma kuti ukhale pamwamba. Chikafunda, kuviikanso. Sizinkafanana ndi ayisi, koma kugunda kuja kunkatsika. Ndinakwiya kuona kuti chinthu chophweka chonchi panalibe anandiuza masabata onse aja, asisi akuyenda ndi fulasiki kuchokera ku Kabulonga.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo ndinakhala wodwala wabwino. Ndinkapita kawiri pa sabata, ndipo kangapo ndinatuluka ndikulumbira kuti sindibweranso. Chowawa kwambiri sichinali kupinda, chinali kuwongola. Ankaika chidendene changa pa chitini, bondo lili m'malere, n'kundisiya choncho mphindi zisanu kuti lidziwongokere ndi kulemera kwake. Mphindi yoyamba inkapiririka. Yachitatu ikamakwana ndinkagwira m'mphepete mwa bedi, mano nditaluma, mpweya nditaugwira.

"Mwaleka kupuma," ankatero. "Mukagwira mpweya thupi lonse liuma, na bondo liuma. Tulutsani."

"Ndikufuna kutukwana."

"Mutukwana ndani?"

"Kochi wanga."

"Mutukwaneni. Koma muzitukwana potulutsa mpweya, pang'onopang'ono."

Ndinatukwanadi. Ndinanena mawu amene bambo anga akanamva akanandithamangitsa panyumba, ndikuwakoka motalika mpaka mpweya kutha, kenako kukoka wina. Mayiyo anali akuyang'ana wotchi yake, nkhope ili phee. Mphindi zisanu zinakwana. Ndinadabwa kuti ululu unali utatsikadi, kuchoka pa sikisi kufika pa folo.

Kunyumba ndinkachitira pansi. Asisi ankapaka polishi wofiira pa simenti ya chipinda chochezera, ndipo ine ndinkakhala motsamira khoma, chitenje nditachikoleka kuphazi, n'kumakoka chidendene kuti chitsetsereke kubwera kwa ine. Kakhumi, kupuma, kakhuminso, katatu pa tsiku. Masiku ena kachingwe kankakana kukumana ndipo ndinkafuna kukaponya pambaula. Masiku ena ndinkanama kwa fiziyo kuti ululu uli pa folo pamene uli pa seveni, chifukwa ndinkafuna kuthamangira kutsogolo. Ankandigwira bodza poyang'ana zala zanga.

"Imwe osewera mumanivuta," anandiuza tsiku lina. "Ba gogo bakabwera pano bakamba zoona. Imwe munaphunzira kunama."

Mwezi wachitatu chichitikireni opaleshoni ndinasiya ndodo imodzi, kenako inzake. Tsiku limene ndinazunguliza chopondera cha njinga ija ulendo wathunthu, ndinatsika n'kukhala pansi. Ndinabwereranso kumsika, kumaluka mutu umodzi pa tsiku, mwendo nditausanjika pa kireti.

Kochi anabwera mwezi wachinayi, Lamlungu masana. Ndinali pansi paja ndi chitenje changa, chitseko chili chotsegula. Asisi anawapatsa mpando panja, pafupi ndi khomo. Anafunsa za umoyo mwachidule, maso ali pa mwendo wanga wowonda.

"Manje ivi uchita ni vichani? Ivi ni va nkhalamba. Bwera ku bwalo uthamange, bondo lizamasuka lokha. Mwezi wamawa tili na magemu akulu, pakati palibe munthu."

Ndinati sindingathe. Anati ngati n'choncho ndiwapatse yunifomu, pali mtsikana wina wopanda. Ndipamene ndinazindikira chimene anabwerera.

Sindikumbukira mmene ndinaimirira. Ndimakumbukira kuti mawu anga anamveka mpaka kumpopi, chifukwa azimayi otunga madzi anasiya zidebe n'kubwera pampanda.

"Miyezi isanu ndi itatu, ba kochi. Munandisiya pa simenti ku Matero ngati galu wogundidwa ndi galimoto. Ndinakuuzani kuti bondo likutupa, munandipatsa maswiti anu aja. Ndagona kuchipatala simunabwere. Foni yokha simunaimbe. Lero mwabwera kudzatenga siketi?"

"Iwe, ninakutola uli mwana wa mamina. Nine ninakupanga."

"Munandipanga chiyani? Onani mwendo uwu."

"Palibe anakutsegula pakamwa kuti umwe. Unali kumwa weka, unali kupempha weka."

Mawu amenewo anandilasa chifukwa theka lake linali loona. Masabata omalizira aja ndinkachita kupempha ndekha timapilitsi tija, poopa kukhala pabenchi. Ndinalowa kuchipinda chotsimphina, ndinatenga yunifomu ija n'kuwaponyera kumaso. Inagwera m'fumbi. Anaitola, anaikung'untha, n'kuuza azimayi a pampanda aja kuti ana a masiku ano alibe ulemu. Asisi, amene sakweza mawu kwa munthu, anatenga mpando uja n'kuulowetsa m'nyumba kochi asanatuluke pageti.

Madzulo ake bondo linapweteka ngati sabata yoyamba. Sindinalipotokole, sindinaligunditse, kachingwe kanakumana bwinobwino, koma ululu unali pa seveni ndipo unakhala choncho masiku awiri. Ndinachita mantha kuti mtsempha watsopano uja waduka. Lachiwiri ndinamufotokozera fiziyo zonse. Analigwira, analikoka uku ndi uku, anati zonse zili m'malo. Kenako anati mkwiyo, mantha ndi kusagona zimakweza ululu, ngakhale bondo lisanasinthe kanthu.

Ndinatsika pabedi n'kuyamba kuvala nsapato.

"Ndiye nanunso mukuti uli m'mutu? Mawu omwe aja?"

"Khalani pansi."

"Sindikhala. Munthu uja anandiuza zomwezo, lero ndili chonchi."

"Uja anakuuzani kuti bondo lilibe kanthu, musalimvere. Ine nikuti bondo linadulidwa, ululu ni weniweni, ndipo thupi lanu likali kulondera pamenepo monga mlonda amene anaberedwapo. Mukakalipa, mlonda uja aimirira. Si bodza, si ulesi. Masiku otero muchepetse nchito, muike chitenje, mupume monga tinaphunzira. Musamwe mapilitsi owonjezera."

Ndinakhala pansi. Zinanditengera masabata kuti ndivomere kuti ankanena zoona, ndipo ndinavomera nditaziona ndekha kangapo, tsiku lina nditakangana ndi kasitomala, tsiku lina nditamva kuti kochi akuuza atsikana kuti ine ndinali wofooka kuyambira kale.

Nditamva zimenezo ndinapita kukapeza anzanga atatu a mu timu mmodzimmodzi. Ndinawaonetsa zipsera, ndinawauza za m'mimba mwanga, ndinawapempha kuti asiye timapilitsi tija ndipo chikawapweteka azipita kukapimidwa. Mmodzi anamva, ndipo kochi atamuika pabenchi anachoka kukalowa timu ya ku Bauleni. Wina anati ndikulankhula chifukwa cha nsanje poti malo anga anatengedwa. Wachitatu anandimvetsera mwaulemu, Loweruka lake n'kukamwa. Timuyo ilipobe, kochi ndi yemweyo.

Miyezi yonseyi ine mumtima ndinkadziwa chinthu chimodzi, kuti ndidzabwerera pabwalo, m'timu ina, ndipo tsiku lina ndidzasewera ndi timu ya munthu uja iye akuona. Ndicho chinkandidzutsa kukakoka chitenje. Fiziyo sindinamuuze, koma ndikhulupirira ankadziwa.

Chaka chitatsala pang'ono kukwana chichitikireni opaleshoni, anandiyesa komaliza. Anandiuza kuti ndilumphe ndi mwendo umodzi, wabwino kenako wodwala, n'kulemba ndi choko pamene ndafika. Ndinatsika masitepe, ndinanjuta, ndinathamanga pang'ono kuseri kwa kiliniki. Mtsempha unali wolimba. Koma nthawi iliyonse imene ndinkaima mwadzidzidzi n'kupotoloka, kulasa kuja kunkabwera mkatikati, ndipo ndinamuuza zoona, chifukwa kunama ndinali nditasiya. Anatsegula fayilo yanga n'kundiwerengera zimene dokotala wa opaleshoni analemba. Kamnofu kolimba kamene kamatchinga mafupa kuti asakhulane kanali katanyenyeka kale, ndipo mbali ina anachita kuichotsa. Sikanawonongeke tsiku limodzi. Kanaperepeseka m'miyezi iwiri ija.

"Kuyenda muzayenda, kuthamanga pa dothi muzathamanga, na mwana muzapapa kumsana," anatero. "Koma mpira wamanja pa simenti, ine sinikulangizani. Mukafuna muzasewera chaka chimodzi, mwina ziwiri, kenako muzayenda na ndodo mukali mtsikana. Nimwe musankhe."

"Munkadziwa kuyambira pachiyambi?"

"Ninali kuganizira. Ninafuna tione poyamba."

"Ndiye chaka chonse mwakhala mukundiyang'ana ndikuvutika, inu mukudziwa?"

"Mukanavutika chimodzimodzi kuti muyende chabe."

Ndinatenga chikwama changa. Ndinamuuza kuti onse ndi amodzi, madokotala, makochi ndi iye yemwe, aliyense amabisa chimene akudziwa mpaka zitamukomera iyeyo. Ananditchula dzina ndili pakhomo, sindinacheuke. Chitseko ndinachimenyetsa mpaka malamba aja anagwa pamsomali, ndinawamva akugwa.

Ndinakhala miyezi itatu osapitako. Kawiri ndinapita pabwalo la sukulu ina m'mawa kopanda anthu, ndinayesa kuima ndi kupotoloka ndekha, ndipo kawiri konse kachingwe kanakana kukumana mawa lake. Ndinasiya. Asisi ndi amene anandiuza tsiku lina tikuchapa kuti, "Mayi uja unamulakwira. Ndi yekhayo anakuuza zoona." Ndinawayankha mwaukali, koma sabata yotsatira ndinagula chitenje chabwino pamsika n'kupita nacho kukiliniki.

M'chipinda muja ndinapeza mnyamata wina atavala chovala choyera. Anati mayi aja anawasamutsira kwawo kumpoto mwezi wathawo. Ndinapempha nambala, anati saloledwa kupereka. Ndinasiya uthenga papepala, sindikudziwa ngati unafika. Chitenjecho anavala asisi.

Panopa ndimaluka tsitsi tsiku lonse, ndimayenda wapansi kupita kumsika ndi kubwerera, ndipo anthu osandidziwa saona kuti ndimatsimphina pang'ono. Mwezi wa Juni kukazizira bondo limauma, ndiye ndimayamba ndalitenthetsa ndisanatuluke. Masewera a mwendo ndimachitabe katatu pa sabata. Mpira wamanja sindikaonera, ngakhale uli pa TV ya mu saluni ndimatembenuza mpando. Kochi ndimakumana nawo nthawi zina pa siteshoni ya minibasi, atanyamula chikwama chawo, atsikana ang'onoang'ono ali pambuyo. Amandipatsa moni ngati palibe chinachitika. Ine sindiyankha, ndipo amene amandiuza kuti ndi munthu wamkulu ndiyenera kumukhululukira ndimawauza kuti ayambe iwowo apepesa.